Mutu 11: Moyo wa alakatuli m'mafilimu

Wokonza filimu ya moyo wa katswiri wankhonya sasowa chojambula. Zibakera zimaoneka, magazi amaoneka, wogwa ndi wopambana amadziwika pompopompo. Wokonza filimu ya woyimba nayenso ali ndi pothawira, chifukwa nkhani ikayamba kuzizira amangomukweza munthu wakeyo pansanja, nyimbo n'kumupulumutsa. Koma mlakatuli amagwira ntchito yake atakhala pansi, ali duu, nthawi zambiri usiku anzake atagona. Alemba mzere, afufuta, ayang'ana pazenera, alembanso. Zenizenizo zikuchitikira m'mutu, komwe kamera siingafike, ndipo palibe amene angalipire pakhomo kuti akaonere munthu akutafuna cholembera kwa maola awiri.

N'chifukwa chake okonza mafilimu a alakatuli amathamangira zooneka ndi maso: zibwenzi, mowa, matenda, apolisi ndi maliro. Mukayang'ana alakatuli amene anajambulidwapo mafilimu, mupeza kuti ambiri ndi aja anapita akadali achinyamata. John Keats wa ku England anamwalira ali ndi zaka 25. Yun Dong-ju wa ku Korea anafera m'ndende ya ku Fukuoka, m'dziko la Japan, mu 1945 ali ndi zaka 27. Sylvia Plath wa ku America anadzipha ali ndi zaka 30, Ingrid Jonker wa ku South Africa ali ndi 31. Mlakatuli amene analemba mwakachetechete mpaka kumera imvi, n'kutsirizika adzukulu atamuzungulira, sakopa anthu a makamera ngakhale ndakatulo zake zitakoma chotani.

Komatu mafilimu ambiri amene anatuluka bwino pankhaniyi sanamuyang'ane mlakatuli kumaso. Anamudzera chammbali. Anatenga munthu woyandikana naye, kaya wamtokoma, kaya mtsikana wosoka zovala, kaya wapolisi, n'kutibwereka maso a munthu ameneyo. Ukali wa tsabola suoneka akadali m'mbale, umaoneka pankhope ya amene walawa. Tisanafike kwa amenewo, tiyambe taona aja anangolunjika.

Aja analunjika

Filimu ya Sylvia inatuluka mu 2003 motsogozedwa ndi Christine Jeffs wa ku New Zealand. Gwyneth Paltrow anasewera ngati Plath, ndipo Daniel Craig, asanakhale James Bond, anasewera ngati mwamuna wake Ted Hughes, yemwenso anali mlakatuli wamkulu. Awiriwa anakumana ku Cambridge mu February 1956, mu June chaka chomwecho n'kukwatirana. Anabereka ana awiri. Mu 1962 banja linagwedezeka Hughes atapeza mkazi wina, ndipo pa 11 February 1963 Plath anadzipha m'nyumba yomwe ankakhala ku London. Zonsezi filimuyo inaonetsa. Chimene inachiphonya ndi cha miyezi ya pakatiyo. Mu October 1962, atatsala yekha ndi tiana take, Plath ankadzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kuti alembe ana asanadzuke. M'mwezi umodzi wokhawo analemba ndakatulo zoposa 20, ndipo zambiri mwa izo ndi zomwe zinadzaza buku la Ariel, lomwe linatuluka mu 1965 mwini wake atagona kale.

Okonza filimuyo anali ndi vuto lina pambali pa la kamera. Frieda Hughes, mwana wa Plath, yemwe anali asanakwanitse zaka zitatu pamene mayi ake ankamwalira, anakaniza ndakatulozo kuti zisalowe m'filimu, ndipo analemba yakeyake yodzudzula anthu ofuna kudyerera imfa ya mayi ake. Okonzawo anangotolatola timizere tochepa. Choncho woonera amatuluka atadziwa kuti Plath anali wansanje komanso wovutika maganizo, koma osadziwa chimene dziko limamukumbukirira. Akazi osiyidwa ndi amuna awo alipo ambirimbiri, koma wolemba Ariel anali mmodzi, ndipo ameneyo m'filimu muja saoneka bwino.

Black Butterflies ya mu 2011, yotsogozedwa ndi Paula van der Oest wa ku Netherlands, inagwa m'mbuna yofanana. Ingrid Jonker ankalemba m'chinenero cha Afrikaans nthawi ya tsankho. Bambo ake, Abraham Jonker, anali phungu wa chipani cha National ndipo anatsogolerapo komiti ya nyumba ya malamulo yokonza malamulo ounikira mabuku. Mwana wawoyo analemba ndakatulo ya mwana wowomberedwa ndi asilikali ku Nyanga, kufupi ndi Cape Town, mu 1960. Pa 19 July 1965 analowa m'nyanja ku Three Anchor Bay, osatulukanso wamoyo. Patatha zaka pafupifupi 30, pa 24 May 1994, a Nelson Mandela anawerenga ndakatulo ija potsegulira nyumba ya malamulo yoyamba ya ufulu. Nkhani ngati imeneyi siisowa zokometsera, koma filimu inathera nthawi yambiri pa zibwenzi ndi mabotolo. Chopweteka kwambiri n'chakuti onse m'filimumo amalankhula Chingerezi. Carice van Houten anasewera mwaluso ngati Jonker mpaka kupata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha Tribeca, koma mlakatuli amene wamulanda chinenero chake watsala ndi chiyani?

Ya Total Eclipse, ya mu 1995, tingoidutsa msanga. Leonardo DiCaprio ndi Arthur Rimbaud wa ku France, David Thewlis ndi Paul Verlaine, ndipo zoledzera, ndewu ndi mfuti imene Verlaine anamuwombera nayo mnzakeyo padzanja ku Brussels mu 1873 zonse zilimo. Funso limene aliyense wodziwa Rimbaud amafunsa, loti n'chifukwa chiyani mnyamata waluso chotere anasiya kulemba atangopitirira zaka 20 n'kukagulitsa khofi ndi mfuti ku Harar, m'dziko la Ethiopia, filimuyo imangolikhudza pamwamba.

Wamtokoma wa pachilumba

Il Postino, ya mu 1994, ndi filimu ya Pablo Neruda ya ku Italy imene mwini nkhani si Neruda. Maziko ake ndi oona: mlakatuli wa ku Chile ameneyu anakhalapo pachilumba cha Capri mu 1952 ali wothawa kwawo. Zotsalazo n'zopeka, zochokera m'buku la Antonio Skármeta lomwe nkhani yake inkachitikira ku Chile. Wotsogolera, Michael Radford wa ku Britain, ndi anzake anaisamutsira ku Italy n'kukajambula pa zilumba za Procida ndi Salina.

Mario Ruoppolo ndi mwana wa msodzi amene safuna za usodzi. Wapeza ganyu yonyamula makalata panjinga, ndipo munthu wolandira makalata kudera lakelo ndi mmodzi yekha, mlendo wotchuka uja wokhala pamwamba pa phiri, popeza ena onse satha kuwerenga. Poyamba chimene chamukopa Mario si ndakatulo ayi. Waona kuti makalata ambiri akuchokera kwa akazi, ndiye akufuna adziwe chinsinsi chake. Tsiku ndi tsiku amaima pachipata atapereka kale makalata, osachoka, kufunsa timafunso ta momwe munthu amafaniziririra chinthu ndi chinzake. Atagwa m'chikondi ndi Beatrice, mtsikana wogwira ntchito m'nyumba yodyera ya azakhali ake, amaba ndakatulo ya Neruda n'kukafunsirira. Mwini wake atamudzudzula, Mario amayankha kuti ndakatulo mwini wake ndi amene akuifuna, osati amene anailemba. Neruda amasowa chonena.

Luso la filimuyi likuonekera Neruda atabwerera kwawo. Mario akudikira kalata. Miyezi ikupita. Kenako kalata ikufika, koma yalembedwa ndi mlembi, ndipo ikungopempha kuti katundu amene anatsala atumizidwe. Apa filimu yanena zoona zimene mafilimu otamanda anthu otchuka amazizemba: munthu angathe kulembera osauka a dziko lonse ndakatulo zokoma, n'kuiwala wosauka mmodzi amene ankamubweretsera makalata. Mario sakwiya. Amatenga makina ojambulira mawu amene Neruda anasiya n'kuyendayenda pachilumba kujambula mafunde aang'ono, mafunde aakulu, mphepo ya m'matanthwe, maukonde a bambo ake, belu la tchalitchi, ndi kugunda kwa mtima wa mwana wake ali m'mimba mwa Beatrice. Sanalembe kanthu papepala, koma woonera aliyense amazindikira kuti imeneyo ndi ndakatulo, ndipo kamera yaijambula ikupangidwa. Neruda akubwera patatha zaka, Mario anafa kale pa msonkhano wa chipani cha Komyunisiti umene apolisi anaubalalitsa.

Kutopa kumene mumakuona pankhope ya Mario sikunali kwa sewero. Massimo Troisi, yemwe anasewera mbaliyi, ankadwala mtima kuyambira ali mwana, ndipo anachedwetsa opaleshoni kuti amalize filimu. Ankangotha kugwira ntchito kanthawi kochepa patsiku, moti malo ambiri opalasa njinga ankamupalasira munthu wina. Anamwalira pa 4 June 1994 ali ndi zaka 41, patangopita maola ochepa ntchito yojambula itatha. Filimuyo inapikisana nawo pa mphoto zisanu za Oscar, n'kupata imodzi, ya nyimbo za Luis Bacalov.

Singano ndi khoma

Jane Campion, wa ku New Zealand nayenso, anatsegula filimu yake ya Bright Star ya mu 2009 ndi singano ikuboola nsalu, ulusi ukutsatira pambuyo. Chala chogwira singanoyo n'cha Fanny Brawne, mtsikana wa zaka 18 wa ku Hampstead, kumpoto kwa London, amene John Keats anakumana naye chakumapeto kwa 1818. Keats anali ataphunzira ntchito ya udokotala pa chipatala cha Guy's n'kuisiya kuti azilemba. Mabuku ake sankagulidwa, olemba m'magazini ankamunyoza, ndipo mng'ono wake Tom anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu December chaka chomwecho. Mnyamata wopanda ndalama ngati ameneyu sakanatha kukwatira, ndipo mayi a Fanny ankadziwa zimenezo.

Campion anatiika kumbali ya Fanny kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Fanny, yemwe anaseweredwa ndi Abbie Cornish, sadziwa za ndakatulo ndipo sabisa. Amadziwa zosoka, amanyadira makolala amene wapanga yekha, ndipo amamuuza mnzake wa Keats, Charles Brown, kuti iye kusoka kwake n'kumene kungabweretse ndalama, osati zolembalemba zawozo. Poti iye akuphunzira kumva ndakatulo, nafenso tikuphunzira naye limodzi. Ndipo poti taona manja ake akusoka, akuphwasula, akusokanso, sitifunikanso kuuzidwa kuti kulemba ndi ntchito ya manja yofuna kudekha.

Banja la Fanny mbali ina, Keats ndi Brown mbali ina, ankakhala m'nyumba imodzi yogawidwa pakati, yotchedwa Wentworth Place, yomwe lero ndi malo osungirako mbiri ya Keats. M'filimu muli malo pomwe Fanny ali m'chipinda chake, Keats ali m'chake, khoma lili pakati. Wina agogoda pang'ono, winayo ayankha. Aliyense wakankhira bedi lake kukhomako, n'kutsamiritsa dzanja pamene akuganiza kuti pali dzanja la mnzake. Palibe mawu, palibe nyimbo yokokomeza. Mu 1820 madokotala anati Keats sangapirire chisanu china ku England, ndipo anzake anasonkha ndalama n'kumutumiza ku Italy mu September ndi mnzake wojambula zithunzi, Joseph Severn. Anamwalirira ku Rome pa 23 February 1821. Wokonza wina akanatitengera pambali pa bedi la wodwalayo kuti tione magazi pampango. Campion anakana. Uthenga umatipeza tili ku Hampstead, ndipo timaona Fanny akugwa patsinde pa masitepe, akuitana mayi ake kuti akulephera kupuma. Mbiri imati Fanny anavala zakuda kwa zaka zingapo, anadzakwatiwa mu 1833, n'kumwalira mu 1865.

Wapolisi ndi woweruza

Pablo Larraín wa ku Chile, pokonza Neruda ya mu 2016, anabwereka maso a mdani. Mu January 1948 Neruda, ali phungu wa nyumba ya Seneti, anadzudzula poyera Pulezidenti Gabriel González Videla, yemwe anatembenukira a Komyunisiti amene anamuthandiza kulowa m'boma. Boma linalamula kuti amangidwe. Anabisala m'nyumba za anthu kwa chaka ndithu, ndipo mu 1949 anawoloka mapiri a Andes pakavalo kulowa ku Argentina. M'filimu, wofotokoza nkhani ndi wapolisi womusaka, Óscar Peluchonneau, woseweredwa ndi Gael García Bernal. Dzinalo linalipodi m'polisi ya nthawiyo, koma munthu wa m'filimuyu ndi wopeka, ndipo filimu siibisa. Kulikonse kumene wapolisiyo wafika amapeza Neruda atangochoka, atamusiyira buku la nkhani za upandu, mpaka amayamba kukayika ngati iye mwini si munthu wongopekedwa ndi mlakatuliyo.

Larraín sanamupatse ulemu wonama ngwazi ya dziko lake. Neruda wake ndi wonenepa, wokonda maphwando ndi akazi, wofuna kuti kumusaka kwakeko kumveke dziko lonse. Pali malo pamene mayi wina wa m'chipani, amene wakhala akukolopa m'nyumba za mabwana kuyambira ali mwana, amamuyandikira ataledzera n'kumufunsa kuti chikomyunizimu chikadzafika, anthu onse adzafanana ndi ndani, mlakatuliyo kapena iyeyo. Funso limenelo likulemera kuposa mafilimu ena athunthu.

Howl ya mu 2010 inadzera kubwalo la milandu. Allen Ginsberg anawerenga koyamba ndakatulo ya dzina limeneli pa 7 October 1955 ku Six Gallery, mumzinda wa San Francisco. Itasindikizidwa, wosindikiza wake, Lawrence Ferlinghetti wa sitolo ya mabuku ya City Lights, anazengedwa mlandu mu 1957 wofalitsa zolaula. Rob Epstein ndi Jeffrey Friedman anatenga mawu a m'filimu yawo m'zolembedwa za kubwaloko ndi m'zimene Ginsberg anayankhapo atolankhani. Ndiye timaona maloya ndi aphunzitsi a m'mayunivesite akukangana pamaso pa woweruza, mzere ndi mzere, kuti mawu awa akutanthauza chiyani ndipo anafunikiradi kukhalapo. Ndi phunziro la ndakatulo lovala mkanjo wa mlandu. Woweruza Clayton Horn anagamula kuti bukulo si lolaula. Zithunzi zamakatuni zimene anaziika kuti zifotokoze ndakatuloyo n'zimene zinaononga, chifukwa zimamutafunira woonera chimene akanatafuna yekha. Mwa njira ina Ferlinghetti anali ndi mwayi, poti mlandu wake unalowa m'bwalo ndipo mawu onse analembedwa. Ku Malawi, Jack Mapanje anamangidwa mu September 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka May 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Wofuna kujambula nkhani imeneyo sangapeze zolembedwa za kubwalo, angatsamire pa buku la Mapanje mwini, And Crocodiles Are Hungry at Night, la mu 2011.

Awiri amene anaswa lamuloli

Sikuti aliyense wolunjika amaphonya. Terence Davies wa ku Liverpool, m'filimu ya A Quiet Passion ya mu 2016, anamuyang'ana kumaso Emily Dickinson, mayi wa ku Amherst, m'chigawo cha Massachusetts, amene anakhala moyo kuyambira 1830 mpaka 1886 ndipo zaka zake zomaliza sankatuluka n'komwe pakhomo pa makolo ake. Analemba ndakatulo pafupifupi 1,800, koma zimene zinasindikizidwa iye ali moyo zinali ngati 10 zokha. Zinazo anazipeza ndi mng'ono wake Lavinia maliro atachitika. Davies sanamupekere chibwenzi chobisika kapena ulendo. Anaonetsa mwana wamkazi akupempha chilolezo kwa bambo ake kuti azilemba usiku nyumba ikagona, kamera ikuzungulira pang'onopang'ono m'chipinda chochezera momwe banja lakhala chete pafupi ndi nyali, ndi Cynthia Nixon, yemwe anasewera ngati Dickinson, akusanduka pang'onopang'ono kuchoka pa mtsikana wanthabwala kufika pa mayi wa lilime lakuthwa amene akudziwa yekha kuti wawawa mtima. Anthu ena imawatopetsa. Ine ndimati kutopetsako ndi mbali ya nkhani, poti ndiwo moyo umene ndakatulo zija zinatulukamo.

Winayo ndi Sergei Parajanov, amene mu 1969 anamaliza filimu ya Sayat-Nova, mlakatuli ndi woyimba wa mtundu wa anthu a ku Armenia amene anabadwira ku Tbilisi, anatumikira kunyumba ya mfumu Erekle II ya ku Georgia, n'kumwalira mu 1795. Parajanov sanafotokoze mbiri. Kamera yake siiyenda, anthu salankhulana kwenikweni, ndipo chithunzi chilichonse chimangoima ngati chopachika pakhoma. Makangaza atatu akukha madzi ofiira pansalu yoyera. Mabuku onyowa ayanikidwa padenga la nyumba ya amonke, masamba ake akupeperuka ndi mphepo, kamnyamata katagona pakati pawo katatambasula manja. Mkazi mmodzi, Sofiko Chiaureli, akusewera mbali zingapo, kuphatikizapo ya mlakatuli ali mnyamata ndi ya mkazi amene ankamukonda. Akuluakulu a Soviet Union, komwe filimuyi inakonzedwera, anati anthu wamba sangaphunziremo mbiri ya Sayat-Nova. Anachotsa dzina lake pamutu, n'kuitcha dzina limene dziko limaidziwa nalo lero, The Color of Pomegranates, ndipo anapatsa Sergei Yutkevich kuti aidule n'kuisanjanso. Parajanov anamangidwa mu 1973 n'kutuluka mu 1977. Kunena chilungamo, akuluakulu aja sananame: mbiri ya Sayat-Nova simungaiphunzire m'filimu imeneyi. Chimene Parajanov anachita ndi kulemba ndakatulo yake ndi kamera, ndipo palibe wina pa onse tatchulawa anayerekeza kufika pamenepo. Bungwe la Film Foundation la Martin Scorsese linaikonzanso filimuyi mu 2014.

Wofuna kuyamba asayambe ndi Parajanov, angagwe ulesi. Yambani ndi Il Postino, kenako Bright Star. Ndipo Bright Star ikatha, mayina a ogwira ntchito akayamba kuyenda, musadzuke kapena kuzimitsa. Pamenepo m'pamene Ben Whishaw, amene anasewera ngati Keats, amalakatula Ode to a Nightingale, ndakatulo imene Keats analemba ku Hampstead mu 1819.